Mwana ndi foni: kuteteza ana athu pa intaneti

Uthenga uwu ukupita kwa makolo, agogo, azakhali, amalume, aphunzitsi ndi aliyense amene akulera mwana mumzinda wa Blantyre.

M'makomo ambiri ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni kapena Machinjiri mwana alibe foni yakeyake. Amagwira ya amayi ake iwo ali kukhitchini, ya achimwene ake ikakhala pa tchaja, kapena ya mnzake pochokera kusukulu. Ndiye kusamugulira foni sikutanthauza kuti mwana wanu sali pa intaneti. Bandulo ya tsiku limodzi ya WhatsApp kapena Facebook akhoza kuigula ndi ndalama yodyera kusukulu. Zinthu zina sizilira n'komwe bandulo, chifukwa makanema amayenda pa memori khadi kuchokera kwa obena nyimbo pamsika, kapena amangotumizirana pa Bluetooth.

Sitikunena kuti ana asiye intaneti. Ndi momwemo amapezamo mapepala a mayeso akale a JCE ndi MSCE, ndiponso amalankhulana ndi bambo awo amene ali ku Joni. Koma mavuto amene amayambira pa foni amathera m'thupi ndi m'maganizo a mwana: kusowa tulo, nkhawa, kugwiriridwa, mimba, matenda opatsirana pogonana, ngakhale maganizo ofuna kudzipha. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya zaumoyo.

Mmene chidyamakanda cha pa foni chimagwirira mwana

Munthu wofuna kuchita zoipa ndi mwana sabwera moopsa. Amayamba ndi moni, n'kuyamikira chithunzi chimene mwana waika pa Facebook kapena TikTok. Nthawi zambiri amanama zaka, ndipo chithunzi chimene amaika ngati chake ndi cha mnyamata kapena mtsikana wina. Amafunsa za kusukulu, amamvetsera madandaulo a mwana modekha, mwina kuposa mmene ife makolo timamvetserera tikabwera titatopa. Mwana akadandaula kuti kunyumba amukalipira, iye amati, "Makolo ako sakumvetsa, ine ndekha ndi amene ndimakumvetsa."

Pakapita masiku amayamba kupereka timphatso: mayunitsi, bandulo, kandalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Kenako amapempha kuti achoke pagulu, azicheza awiriwiri pa WhatsApp, ndipo amalangiza mwana kuti azifufuta mauthenga akatha kuwerenga. Nkhani zogonana amazilowetsa pang'onopang'ono, poyamba ngati nthabwala. Pamapeto pake amapempha chithunzi, kapena kuti akumane kwinakwake.

Zonsezi zikhoza kutenga miyezi, koma zikhozanso kutenga usiku umodzi. Ndipo munthuyo sikuti nthawi zonse ndi mlendo wa kutali. Akhoza kukhala wa m'dera lomwelo, wa kutchalitchi kapena kumzikiti komwe mumapemphera, wophunzitsa ana pambuyo pa sukulu, ngakhale wachibale amene ali ndi nambala ya mwanayo. Foni imangomupatsa njira yolankhulira ndi mwana usiku inu muli m'tulo chipinda chinacho.

Chida chachikulu cha munthu wotere ndi chinsinsi. Amadziwa kuti mwana amaopa zinthu ziwiri: kukwapulidwa ndi kulandidwa foni. Mwana akangotumiza chithunzi chimodzi chamaliseche, mawu okoma aja amatha. Tsopano amamuuza kuti, "Ukapanda kutumiza china, kapena ndalama, ndichitumiza kwa mayi ako ndi pa gulu la kusukulu kwanu." Mwana amene akudziwa kuti kunyumba akakumana ndi chikoti amasankha kumvera womuopsezayo. Amatumiza chithunzi chachiwiri, amaba ndalama m'chikwama cha amayi, amasiya kudya, ali yekhayekha ndi mantha ake. Apa ndi pamene ana ena amafika poganiza zodzipha.

Anyamata nawonso amagwidwa motere, makamaka ndi anthu ofuna ndalama amene amadzionetsa ngati atsikana. Mnyamata amavutika kwambiri kuulula, poopa kusekedwa. Musaganize kuti muli pabwino chifukwa choti ana anu ndi aamuna.

Mavuto ena amene amabwera ndi foni

Kunyozana pa magulu a WhatsApp a m'kalasi kumapweteka kuposa mmene akuluakulu timaganizira. Kale mwana wovutitsidwa ndi anzake ankapuma akafika kunyumba. Lero chipongwe chimamutsata mpaka pamphasa, ndipo chithunzi chomuseka chimaonedwa ndi sukulu yonse.

Makanema olaula amafika kwa ana ngakhale iwo sanawafunefune, ndipo amawaphunzitsa kuti nkhanza ndi kukakamiza ndi mbali ya chikondi. Kubetcha pa mpira ndi masewera ena a juga a pa foni kwakola anyamata a sukulu, ngakhale lamulo sililola munthu wosakwana zaka 18 kutchova juga. Palinso akuba amene amatumiza uthenga woti mwapambana mphoto kapena akuti atumiza ndalama molakwitsa. Mwana wogwira foni ya mayi ake akhoza kuwapatsa nambala yachinsinsi mosadziwa.

Tulo nato tisatiiwale. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Foni ikagona naye m'bulangete, maola amenewa sakwana, ndipo mawa lake amasinza m'kalasi. Kwa ana aang'ono, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pansi kuti aziyang'ana foni kapena TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Kupatsa khanda foni kuti litonthole n'kosavuta, koma mwana amaphunzira kulankhula pocheza ndi anthu.

Zizindikiro zoti mwana ali pamavuto

Mumamudziwa bwino mwana wanu, ndiye yang'anani kusintha. Akubisa foni kapena kuizimitsa msanga mukalowa. Akudzidzimuka uthenga ukalowa. Ali ndi mayunitsi, ndalama, zovala kapena foni imene simukudziwa kumene yachokera. Wayamba kukana kupita kusukulu, sakudya, sakugona, akukwiya msanga kapena kulira popanda chifukwa chooneka. Akulankhula mawu a zogonana osayenera msinkhu wake. Ndalama zikusowa m'nyumba kapena mu foni yanu.

Chizindikiro chimodzi pachokha sichitanthauza kuti pali vuto, pakuti achinyamata amasinthasintha akamakula. Koma zikachulukana, khalani naye pansi. Ndipo mwana akanena mawu ngati "bola kungofa," musawatenge ngati zachibwana. Musamusiye yekha, chotsani mankhwala, tameki ndi zingwe pafupi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zimene mungachite kunyumba

Choyamba ndi lonjezo, ndipo liperekedwe vuto lisanabwere. Muuzeni mwana momveka bwino kuti, "Mwana wanga, chilichonse chikakuchitikira pa foni, ngakhale utakhala kuti walakwitsa ndiwe, ubwere undiuze. Sindikumenya ndipo tithana nazo limodzi." Kenako lisungeni lonjezolo. Tikudziwa kuti kwa ambiri a ife nkhani za kumaliseche si zokamba kholo ndi mwana. Ngati zikukuvutani, pemphani azakhali, agogo kapena amalume amene mwanayo amamasuka nawo. Chofunika n'chakuti pakhale munthu wamkulu mmodzi amene mwana angamuthamangire osaopa.

Simufunika kudziwa zambiri za foni kuti muyambe. Mupempheni mwanayo akuonetseni zimene amakonda kuonera, ndi anthu amene amacheza nawo. Mufunseni kuti ndi angati mwa iwo amene anawaonapo maso ndi maso. Ana amakonda kuphunzitsa akulu, ndipo pocheza choncho mudziwa zambiri kuposa pofufuza foni mwakabisira.

Gwirizanani malamulo ochepa amene aliyense m'nyumba angawasunge. Foni izigona pabalaza kapena kuchipinda kwa makolo, osati kwa ana. Mwana asauze munthu wa pa intaneti dzina la sukulu yake, kumene amakhala, kapena njira imene amadzera. Asatumize chithunzi chosavala kwa wina aliyense, ngakhale chibwenzi chimene akuchikhulupirira, chifukwa chithunzi chikachoka m'manja mwake sangachibwezenso. Asapite kukakumana ndi munthu wodziwana naye pa foni popanda wamkulu. Munthu aliyense wopempha kuti zokambirana zawo zikhale zachinsinsi, mwana akamunene.

Facebook, Instagram, TikTok ndi WhatsApp salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula akaunti. Ana amanama chaka chobadwa, nthawi zina mothandizidwa ndi akulu. Musawathandize kutero.

Mu foni momwemo mulinso zotetezera. Pa WhatsApp lowani pa Settings, kenako Privacy, ndipo musankhe kuti anthu okhawo amene nambala zawo munasunga ndiwo aziona chithunzi chanu ndi kukulowetsani m'magulu. Pa mafoni a Android pali Google Family Link, imene imathandiza kholo kuika malire a nthawi ndi kuvomereza zimene mwana akufuna kuika mu foni. TikTok ili ndi Family Pairing, ndipo kwa ana aang'ono kuli YouTube Kids. Zimenezi zimathandiza, koma sizingatseke foni ya mnzake wa kusukulu. N'chifukwa chake tayamba ndi kucheza.

Dziyang'aneninso nokha. Ngati mu foni yanu muli makanema olaula, mwana amene mumamubwereka foniyo adzawapeza. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money isakhale yofanana ndi yotsegulira foni. Ndipo ganizani kawiri musanaike pa masamba a mchezo chithunzi cha mwana akusamba, kapena atavala yunifolomu yoonetsa dzina la sukulu yake.

Zikachitika, chitani izi

Pumani kaye. Mawu oyamba amene munganene ndi amene aonetse ngati mwana apitirize kulankhula kapena atseke pakamwa. Muuzeni kuti wachita bwino kuulula ndipo wolakwa ndi munthu amene wamunyengayo.

Musalipire ndalama kwa woopsezayo, chifukwa akalandira kamodzi amabweranso. Musafufute mauthenga. Sungani nambala yake, dzina la akaunti, masiku ndi mauthenga a ndalama zimene zinatumizidwa, pakuti umenewo ndi umboni. Mukasunga zimenezi, mubulokeni ndipo mumunene pa tsamba la mchezo lomwelo. Koma chithunzi chamalisechecho musachitumize kwa munthu aliyense, ngakhale wachibale amene mukufuna akuthandizeni maganizo. Pitani nayo foniyo kupolisi momwe ilili.

Imbani 116. Iyi ndi nambala yaulere yothandiza ana m'Malawi muno, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, imene imaona nkhani za nkhanza kwa ana ndi amayi.

Ngati mwana anakumana ndi munthuyo ndipo anagonedwa kapena kugwiridwagwiridwa, musadikire kuti abale akumane kaye. Pitani kuchipatala msanga. Kuchipatala cha Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital, kuli One Stop Centre kumene mwana amapimidwa, amalandira uphungu ndi kuthandizidwa pa nkhani ya kupolisi pamalo amodzi. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira ndiye kwabwino. Mankhwala oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso amafuna changu chomwecho. Ngati n'kotheka, mwana asasambe ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe asanaonedwe ndi achipatala.

Lamulo lili kumbali ya mwana. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kujambula, kusunga ndi kufalitsa zithunzi kapena makanema olaula a ana, komanso kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa intaneti. Bungwe la MACRA ndilo limayang'anira nkhani za mafoni ndi intaneti. Nkhani yotere si yokambirana pabanja n'kulipitsana mbuzi kapena ndalama, chifukwa munthu amene wasiyidwa lero apeza mwana wina mawa.

Ngati chithunzi chafalikira kale, chiyembekezo chilipo. Pali njira yaulere ya pa intaneti yotchedwa Take It Down, yothandiza anthu amene anajambulidwa asanakwanitse zaka 18. Chithunzicho sichichoka mu foni yanu. Njirayi imangopanga chizindikiro cha manambala chimene masamba monga Facebook, Instagram ndi TikTok amagwiritsa ntchito pochizindikira ndi kuchichotsa. Sichingafufutike m'mafoni onse amene chinafikamo, koma kufala kwake kumachepa.

Inunso amene muli pa magulu a WhatsApp a mpingo, a m'dera kapena a kuntchito, chithunzi kapena kanema wa mwana wa eni akakufikani, musamutumize kwa wina ngakhale ndi cholinga chochenjeza anzanu. Kutero ndi mlandu, ndipo kumawonjezera ululu wa mwanayo. Uzani woyang'anira gululo achotse, ndipo nenani nkhaniyo pa 116 kapena kupolisi ya pafupi nanu.