Script ikukana kutumiza imelo: mafunso amene mumandifunsa kawirikawiri

Ine ndimapanga timasisitimu ta mashopu kuno ku Lusaka, ambiri aku Kamwala, ndipo eni ake onse amafuna chinthu chimodzi, kasitomala akangolipira risiti ipite yokha pa imelo. Anzanga amene mukuyamba kumene mumandifunsa zomwezomwezi pa WhatsApp, nde ndati ndiyankhe kamodzi.

Kodi script, kapulogalamu kamene mwalemba, imatumiza bwanji imelo?

Siitumiza yokha ayi. Imagogoda pa seva ya makalata kudzera mu SMTP, njira imene makompyuta amatumizirana imelo, nkunena kuti ndine uje pasiwedi yanga nayi, ndiye seva ija ndiyo imanyamula kalatayo. Pa Python muli kale smtplib, pa PHP tengani PHPMailer. Za mail() imene imabwera kale mu PHP musaidalire kwambiri, imatha kukuuzani kuti zatheka pomwe kalata sinafike kwa munthu.

Ndiike port iti?

Port ndi nambala ya khomo limene script ikugogodapo pa seva. Ikani 587 ndi STARTTLS, imene imayamba kubisa uthenga mukalumikizana kale ndi seva, kapena 465 imene imabisa zonse kuyambira pachiyambi. Port 25 ndi yoti maseva azilankhulana okhaokha ndipo ma hosting ambiri amaitseka chifukwa cha anthu a spam, nde ngati script ikungoti zii mpaka timeout yambani mwaona pamenepo.

Pasiwedi ndi yolondola koma ikundipatsa 535, bwanji?

535 ndi yankho la seva loti yakana dzina kapena pasiwedi yanu, ndipo apa mpamene ambiri timalira. Ine ndinachezera nayo usiku wina ku Chilenje magetsi atathima, batire la laputopu likutha, ndikulembanso pasiwedi yomweyo mwina kakhumi kumaganiza kuti chala chikuphonya. Vuto silinali chala. Google inasiya kulola pasiwedi wamba pa ma script mu 2022, manje pa smtp.gmail.com mumayamba mwayatsa 2-Step Verification, chitsimikizo chachiwiri polowa mu akaunti, kenako nkupanga app password, ya zilembo 16, imeneyo ndiyo script izigwiritsa ntchito. Ndipo chonde musailembe mkati mwa code nkukaiponya pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako code, isungeni mufayilo ya .env yosakwezedwa. Munthu akaitola azitumiza zachinyengo m'dzina la shopu ya kasitomala wanu, amene wakukhulupirirani ndi bizinesi yake.

Imelo ikupita koma ikugwera mu spam, nditani?

Seva yolandira ikufuna umboni woti ndinudi eni ake a domain, dzina limene limabwera mukadutsa @ pa adiresi ya imelo. Ngati muli ndi yanu, tinene ya .co.zm, pitani pa DNS, pamene pamalembedwa ma setting a domain yanu, muikemo zinthu zitatu. SPF imatchula maseva amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina lanu. DKIM ili ngati chidindo pa kalata, wolandira amatha kuona kuti palibe waisintha panjira. DMARC imauza wolandira choti achite ndi kalata imene yalephera ziwirizo, ndipo poyamba ikani p=none kaye, kutanthauza kuti asakanize kalata iliyonse chifukwa cha DMARC, muziona malipoti musanayambe kukaniza makalata anu omwe. Chinanso chimene ndimachiona kwambiri, munthu walowa ndi akaunti ina koma pa From walemba adiresi ina yosagwirizana nayo, zimenezo ndi kudziitanira spam nokha.

Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo. Pa Gmail aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata 5,000 patsiku akhale ndi zonse zitatu, kuphatikizapo kabatani koti munthu adine kamodzi nkusiya kulandira zotsatsa.

Ndingatumize angati patsiku?

Gmail yaulere imakuimitsani pa 500, ya Workspace, yolipira ya mabizinesi, pa 2,000. Kwa shopu ya zitenje yotumiza marisiti 40 patsiku zimenezo nzokwana bwinobwino. Koma sukulu imene ikufuna kukumbutsa makolo onse za fizi m'mawa umodzi isamukire ku ma service opangidwira ntchitoyo monga Amazon SES kapena Mailgun, komanso mu loop yanu muziika kampata ka masekondi angapo, osakhuthula onse nthawi imodzi. Ndipo adiresi ikabweza 550 kuti munthuyo kulibe, ifufuteni pa list tsiku lomwelo, mukamangoitumizirabe seva imayamba kukukayikirani ndi makalata abwino omwe.