Call log imadziwa kuti munaimbirana, zomwe munakambirana siizidziwa

Anthu ambiri akamva zoti apolisi akatenga ma call log ku TNM kapena ku Airtel amangoti basi kwatha, zonse zomwe analankhula pafoni zili patebulo la jaji. Ayi ndithu. Ine ntchito yanga ndi yowerenga mapepala amenewa, ndipo mulibemo mawu a munthu olo amodzi, ndi mizere ya manambala yokhayokha: nambala yoimba, yolandira, tsiku, nthawi, masekondi omwe munakhala pa laini, IMEI (nambala yozindikiritsa foni) ya foni yomwe munali simuyo, ndi nsanja ya netiweki yomwe foni inagwira. Kampani imasunga zimenezi makamaka chifukwa chodula mayunitsi, za kukhothi zinachita kubwera pambuyo.

Pa kuba mafoni ndiye zimathandiza heve. IMEI ndi manambala 15 a foniyo osati a simu, mukadina *#06# muwaona, ndiye wakuba akataya simu yanu n'kuikamo yake, akangoimba kamodzi nambala yake imatulukira pa IMEI yanu ija.

Pomwe timakangana ndi maloya ndi pa nsanja. Wina amaima m'khothi n'kunena kuti foni inali pakhomo pa uje 9 koloko usiku, koma pepala silinena zimenezo ayi. Likungoti foni inagwira mbali yakuti ya nsanja yakuti, poti nsanja zambiri zimagawidwa mbali zitatu. M'tauni dera la mbali imodzi limachepako chifukwa nsanja zili pafupipafupi, koma kumudzi nsanja imodzi imatha kufika makilomita ambirimbiri, midzi yonse ya m'menemo imaoneka ngati malo amodzi. Komanso foni sikuti nthawi zonse imagwira nsanja yapafupi, ikapeza yadzadza kapena phiri latchinga imapita kwina, pena munthu ali pampando womwewo osasuntha koma pepala likuonetsa nsanja ziwiri. Nde palinso ka vuto ka wotchi, makina ena amalemba nthawi ya UTC yomwe ili m'mbuyo maola awiri kuyerekeza ndi yakuno, mukapanda kufunsa mumuika munthu pamalo nthawi yomwe iye anali asanafikepo n'komwe.

Ku Denmark zinawavuta mu 2019. Anapeza kuti pulogalamu yomwe apolisi amasinthira deta ya makampani imataya mizere ina, komanso mafoni ena amalembedwa pa nsanja zolakwika. Anabwereranso ku milandu yoposa 10,000 ya kuyambira 2012, anaimitsa kaye umboni wamtunduwu kwa miyezi iwiri, ndipo anthu 32 anatulutsidwa. N'chifukwa chake ine ndimakakamira kuona fayilo momwe inachokera ku kampani, osati ya Excel yomwe wina waikonzakonza kuti izioneka bwino.

Kwathu kuno ambiri ma call log anawamvera pa mlandu wa Paul Mphwiyo, mkulu wa za bajeti uja anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43 mu Seputembala 2013. Ma call log anali mbali yaikulu ya umboni womwe unapezetsa Ralph Kasambara, yemwe anali nduna ya zachilungamo, wolakwa pa mlandu wopangana chiwembu chofuna kupha Mphwiyo mu 2016, anamugamula zaka 13, kenako mu 2018 khothi la Supreme linamupatsa belo podikira apilo. Funso lomwe mlanduwu unautsa ndi lomwe timakumana nalo mpaka pano: anthu akaimbirana kambirimbiri usiku wa chiwembu, ndiye kuti amapangana chiwembucho? Mwina inde, koma achibale, loya ndi kasitomala wake, anthu a bizinezi imodzi amaimbirananso chonchi. N'chifukwa chake timapempha mapepala a miyezi ingapo m'mbuyo, tione ngati kuimbiranako kunali kwa masiku onse kapena kunangoyamba sabata imeneyo.

Za dzina la pa simu musazikhulupirire kwambiri. Inde kuyambira 2018 simu timalembetsa ndi chiphaso cha unzika, koma ndi angati akugwiritsa ntchito simu ya dzina la amayi awo, kapena foni imodzi nyumba yonse, kapena kuisiya pa shopu tsiku lonse ikutchajidwa? Ndiye amene anagwira foni nthawi imeneyo amafunika mboni kapena umboni wina, ngati wa Airtel Money kapena Mpamba. Za pa WhatsApp zokha ndiye pa call log sizioneka ngati kuimba n'komwe, kampani imangoona kuti bando yatsika, amene mumacheza naye siimudziwa.