Mantha obanika amene amabwera opanda chifukwa chooneka

Mayi wina anabwera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, mlamu wawo atawagwira mkono. Anakwera minibasi m'tauni kupita ku Chawama, mwezi wa June, mawindo onse otseka chifukwa cha kuzizira. Ali pa Kafue Road anamva ngati wina wawakanyanga pakhosi. Mtima unagunda kwambiri, thukuta linatuluka, zala zinachita dzanzi. "Adokotala, ndimaona kuti ndikufa," anatero. Tinawayeza mtima, magazi ndi mapapo, zonse zinali bwino. Chimene chinawagwira ndi mantha obanika obwera mwadzidzidzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimatikakamiza kupuma ndi kuchepa kwa okosijeni. Si choncho kwenikweni. Thupi limayang'anira kwambiri carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa. Mu mpweya wa panja uli pafupifupi 0.04 peresenti chabe, koma mu umene timapumira kunja uli pafupifupi 4 peresenti. Ukachuluka m'magazi umasanduka asidi, ndipo tizigawo ta m'munsi mwa ubongo ndi m'mitsempha ya m'khosi timazindikira msanga n'kuliza belu: puma! Yesani kugwira mpweya. Kuvutika kumene mukumvako ndi carbon dioxide amene akuunjikana, okosijeni akadalipo wokwanira.

Mu 1993 dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Donald Klein, anafotokoza kuti mwa anthu ena belu limeneli limalira msanga mopitirira muyeso, ngati alamu ya galimoto imene imalira mphaka akangodumphira pabonati. Ofufuza akapatsa anthu otere mpweya wa 35 peresenti carbon dioxide kuti akoke kamodzi kokha, ambiri amagwidwa ndi mantha nthawi yomweyo. Chimene chinandidabwitsa ine n'zimene asayansi a ku University of Iowa anapeza mu 2013. Anthu amene kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamathandiza kuti tiziopa zoopsa, kanawonongeka, ndipo mmodzi mwa iwo sankaopa ngakhale njoka, anachita mantha aakulu atakoka mpweya umenewu.

M'minibasi carbon dioxide safika pamlingo wotero, koma kwa munthu wa belu lofulumira, kupanikizana ndi mpweya wotentha zimakwanira. Kenako amayamba kupuma wefuwefu, carbon dioxide amatsika kwambiri m'magazi, ndiye dzanzi ndi chizungulire zimabwera, mantha n'kuwirikiza. Odwala otere ndimawaphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa motalikirapo. Zopumira m'kapepala kapena m'jumbo sindilimbikitsa, chifukwa ngati vuto ndi mtima kapena asima, mukhoza kumuvulaza munthuyo. Zikamachitika kawirikawiri pali chithandizo cha uphungu ndi mankhwala, ndipo akatswiri ake alipo, monga ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama ku Lusaka.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa nyengo yozizira ino ndi mbaula. Malasha akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wina, carbon monoxide, wopanda fungo, umene umamatirira ku magazi n'kulepheretsa okosijeni kufika m'thupi. Belu lija sililira ayi. Munthu amangomva mutu, tulo, n'kugona osadzuka. Mbaula izizimitsidwa kapena kutulutsidwa panja musanagone, ndipo ana akadandaula mutu pamene muli malasha oyaka, tsegulani chitseko, atulutseni, muthamangire nawo kuchipatala.