Bango la m'mitsinje ya pa Kasungu: mkangano woyeretsa unachokera kuti

Nkhani yoyeretsa mtsinje kapena dambo ikangobuka pa Kasungu, anthu amagawikana. Ena amafuna zikwanje ndi katapila zilowe, bango lonse lichoke, matope akumbidwe, madzi aziyenda myaa. Ena amati bangolo ndi lomwe latsala likusefa madzi, ndipo ndimo mukukhala kakowa, nantchengwa, ng'azi, nkhasi, achule ndi milamba. Onsewa akudandaula chinthu chimodzi, madzi onyansa, koma mawu oti kuyeretsa amawamva mosiyana.

Kale dambo linkagwira ntchito zambiri nthawi imodzi. M'mphepete munkakhala madimba, pakati ng'ombe zinkadya msipu m'chilimwe, bango linkadulidwa loluka mphasa, mlulu woluka mikeka. Odula ankatenga lomwe akufuna, lotsalalo n'kuphukanso. Madzi a mvula akatsika kuchokera kumtunda ankafika mu udzu wothithikana, n'kuchepa liwiro, dothi n'kutsalira momwemo.

Zinthu zinasintha ndi fodya. Lamulo la mbewu zapadera la mu 1963 linapereka ulimi wa fodya wa bale ndi wochita kuwotcha m'manja mwa maesiteti, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 maesiteti anafalikira kwambiri ku Kasungu ndi ku Mchinji. Fodya wowotcha amadya nkhuni, wa bale amafuna milimo ya zigafa, ndipo minda yatsopano inkatsegulidwa m'nkhalango za tsamba ndi mombo. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira mu 1990, mitengo yomwe inatsala inapitanso. Nazale za fodya zimafuna madzi tsiku ndi tsiku, choncho zinatsikira m'madambo, pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala ake. Dothi lopanda chophimba linayamba kukokoloka n'kudzaza makwawa, ndipo damu la Chitete, komwe tawuni ya Kasungu imadalira pa madzi akumwa, lakhala likuvutika ndi matope omwewa.

Tawuni nayo inakula. Kasungu alibe mafakitale ngati a ku Makata mu mzinda wa Blantyre, komwe mtsinje wa Mudi wakhala ukulandira zonyansa kwa zaka zambiri. Zoipa za kuno zimabwera pang'onopang'ono: oilo wakutha wa m'magalaja, madzi a m'mabatire, sopo wa otsuka magalimoto, magazi a kophera nyama, zinyalala za pamsika, zimbudzi zosefukira nthawi ya dzinja, ndi majumbo opyapyala omwe boma linaletsa mu 2015 koma sanathe. Zonsezi zimakathera pamalo otsika, n'kukodwa m'bango. Apa ndi pomwe kusamvana kunayambira. Munthu akaona majumbo ndi matewera atakodwa m'bango amaganiza kuti bango ndiye vuto, chikhalirecho bangolo langogwira zomwe zikanapita kumunsi.

Ndipo kumunsi kwa mitsinje ya m'boma la Kasungu kuli zofunika kutetezedwa. Mtsinje wa Bua, womwe umayambira ku Mchinji n'kulandira madzi a Rusa, umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota usanathire m'nyanja, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa yomwe nsomba za mpasa zimakwerabe kukaswana. Mpasa umaikira mazira pa timiyala toyera. Matope akakwirira timiyalato, mazira amasowa mpweya n'kufa.

Ofuna kulambula ali ndi mfundo zenizeni, tisawapeputse. Bango lothithikana limabisa akuba, limatseka makalavati n'kubweza madzi m'nyumba za anthu, ndipo mtundu wina wa udzudzu wa malungo umaswanadi m'madzi a udzu. Koma mtundu wina umakonda zithaphwi zosaya zowombedwa ndi dzuwa, monga maenje a njerwa ndi mikwasa ya matayala a katapila. Kumeta dambo lonse kumangosintha mtundu wa udzudzu.

Maiko omwe anadutsamo kale anaphunzira movutikira. Mtsinje wa Thames ku London unalengezedwa kuti ndi wakufa mu 1957, ndipo nsomba zinabwerera chifukwa chokonza malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, kutanthauza kutseka gwero la zoipa. Ku America, atayamba kukumba matope a poizoni mu mtsinje wa Hudson mu 2009, anaimitsako ntchito chifukwa kukumbako kunkavundula poizoniyo n'kumutumiza kumunsi. Ntchitoyo inatha mu 2015, ndipo malo okumbidwa anachita kudzalamonso zomera za m'madzi.

Choncho ntchito yoyamba ili kumtunda, osati mumtsinje. Galaja iliyonse ikhale ndi diramu losungira oilo wakutha, otsuka magalimoto akhale ndi dzenje losefera madzi, zimbudzi zitalikirane ndi madzi mamita osachepera 30. Kukumba matope gwero lisanatsekedwe ndi kutunga madzi ndi lichero.

Kenako matope apimidwe, pamwamba ndi pansi pomwe, m'malo angapo. Matope akuda onunkha ngati dzira lovunda ndi omwe alibe mpweya. Akavundulidwa amamwa mpweya wa m'madzi mofulumira. Nsomba zambiri zimafuna mpweya wokwana mamiligalamu 5 pa lita imodzi ya madzi. Ukatsika pansi pa 2, matemba ndi timakumba timayandama. Mlamba umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wa pamwamba, ndiye musanyengeke poona mlamba uli moyo n'kumati madzi ali bwino. Mpweya umakhala wochepetsetsa m'bandakucha, choncho kuvundula kuziyamba dzuwa litakwera.

Nyengo ndi yofunika kwambiri. Mbalame zoluka zisa m'bango zimaswa nthawi ya mvula, ndipo milamba imakwera ndi madzi oyamba kukaikira mazira mu udzu womira. Ntchito ichitike pakati pa Juni ndi Seputembala. Okutobala ali ndi vuto lake: madzi amakhala atatsala m'maiwe ochepa, otentha, ndipo zamoyo zonse zimaunjikana momwemo. Maiwe akuya otere asakumbidwe onse chaka chimodzi.

Zinyalala zichotsedwe ndi manja, ndi mareki ndi mafoloko, anthu atavala magambutsi ndi magolovesi chifukwa cha likodzo ndi magalasi osweka. Bango lidulidwe m'zigawo, mwachitsanzo mamita 30 odula n'kusiya mamita 30, gombe limodzi chaka chino, linalo chaka chamawa. Dulani tsinde, mizu isiyeni, poti ndiyo imagwira gombe. Lodulidwalo ligone pafupi ndi madzi tsiku limodzi kapena awiri kuti nkhanu, achule ndi tizilombo tibwerere, kenako lichotsedwe lisanavundire m'madzi. Moto usalowemo ngakhale pang'ono: umapha nkhasi ndi ng'azi zobisala, ndipo phulusa lake limakathera m'madzi. Pafupi ndi milatho ndi makalavati pokha ndi poyenera kulambuliratu kuti madzi azidutsa.

Katapila ikafunika, iime pa gombe limodzi, isalowe m'madzi, ndipo kumunsi kwake kutchingidwe ndi matumba a mchenga kapena nsalu yosefa. Isawongole mtsinje. Makhotakhota ndiwo amachepetsa liwiro la madzi. Mtsinje wowongoledwa umathamanga, umadya magombe, ndipo chigumula chimasamukira kwa okhala kumunsi. Mikuyu, katope ndi mbawa za m'mphepete zisadulidwe, ndipo gombe losiyidwa poyera lidzalidwe vetiva kapena nsenjere mvula ikangoyamba. Bulugamu asadzalidwe m'dambo, amamwa madzi kwambiri.

Pomwe ntchito zambiri zimalakwika ndi pa matope okumbidwa. Amaunjikidwa pa gombe pomwepo, mvula yoyamba n'kuwabwezera mumtsinje, kapena alimi amawatenga kukathira m'dimba poona kuti ndi akuda ngati manyowa. Matope a kumunsi kwa magalaja amatha kukhala ndi mtovu, womwe suvunda, ndipo umalowa m'thupi kudzera m'ndiwo zamasamba ndi fumbi, makamaka mwa ana. Otere apite ku dzenje loyalidwa dongo lotsendera kapena pulasitiki wokhuthala, kutali ndi zitsime, n'kukwiriridwa.

Malamulo alipo. La madzi la mu 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno, ndipo la zachilengedwe la mu 2017 linabweretsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lomwe limaunika ntchito zotha kuwononga chilengedwe zisanayambe. Koma chomwe chimalamulira katapila pamalo a ntchito ndi mgwirizano wa malipiro. Kontilakitala akamalipidwa potengera kutalika kwa malo omwe wameta, adzameta zonse. Mgwirizanowo ulembe zigawo zosiyidwa, mitengo yosadulidwa ndi komwe matope akataidwe, mafumu ndi makomiti a m'dera akhale ndi kope lake, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe dzinja loyamba litadutsa, magombe ataonedwa kuti agwira.