Kusutanso ndudu imodzi si kugonja

Ambiri amati munthu amene anasiya fodya akasutanso ndudu imodzi ndiye kuti zake zada, alibe mtima wolimba. Si zoona, ndipo zimandiwawa chifukwa mawu oterewa ndi amene amamubwezera ku paketi yonse.

Nikotini, mankhwala opezeka mu fodya, amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20 munthu akakoka utsi, ndipo ubongowo umazolowera. Akasiya, thupi limavutika kwambiri masiku 3 oyambirira, kenako zimachepa pakadutsa milungu 2 mpaka 4. Chibaba chikabwera sichikhalitsa, chimazilala pakangopita mphindi zochepa.

Amene waterereka ataye ndudu zotsalazo, aone chimene chinamukoka, kaya mowa kaya mkwiyo. Tsiku lina dzanja likayamba kupapasa m'thumba, amwe madzi, atuluke panja, aimbire mnzake foni.