Madzi ndi kampira kakale zikutha mabolodi a pinball

Ndatopa kumva mawu akuti "ndangopukuta ndi kansalu konyowa basi." Bolodi la makina akale a pinball, masewera omenya kampira pa bolodi lopendekeka lokutidwa ndi galasi, ndi pulayiwudi. Zithunzi zake anazidinda ndi penti wopyapyala n'kukutira ndi lacquer, mankhwala oonekera m'kati oteteza penti, ndipo pa makina a makampani a Gottlieb, Bally kapena Williams a m'ma 1960 ndi 1970, lacquer ameneyu anachita kale timing'alu tosaoneka ndi maso. Madzi akalowa m'menemo thabwa limafufuma, penti n'kusweka motsatira mizere ya thabwalo. Zikafika apo palibe mankhwala ake.

Yambani ndi kuchotsa fumbi ndi makina okoka fumbi, mukuthandizira ndi kaburashi kofewa. Fumbi lakuda lija limakhala ndi tizitsulo toperepeseka m'kati mwa makinawo, ndiye mukalipukuta ndi nsalu mukukwecha penti. Kenako pukutani ndi naphtha, mafuta opepuka osachedwa kuyaka, mutathira pang'ono pa nsalu yofewa, mawindo ali otsegula, kutali ndi moto. Amachotsa phula lakale ndi litsiro, amauma msanga, safufumitsa thabwa. Yesani kaye pamalo obisika. Mukatha pakani phula lolimba la carnauba, lochokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa kanjedza, lopanda mankhwala oterera a silicone, chifukwa silicone akalowerera m'thabwa penti wokonzera sadzagwiranso bwino.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi kampira. N'kachitsulo, kolemera magalamu pafupifupi 80, ndipo kakachita dzimbiri kapena timaenje kamasanduka sandipepala woyenda yekha. Ndimakumbukirabe makina ena amene mwini wake ankawakonda zedi. Phula ankapaka mosadumphitsa, galasi linali mbee. Kampira kokha sanakasinthepo chigulireni makinawo. Pamene ankandiitana n'kuti pozungulira ma bumper, tinsanamira tomwe timakankha kampira, pali thabwa lokhalokha, nkhope ya munthu wojambulidwa pakati itafufutika theka. Anandifunsa ngati ndingaibwezeretse. Kujambulanso n'kotheka, koma si penti uja wa ku fakitale. Kampira katsopano n'kotsika mtengo kwambiri. Kampira ka m'makina anu kagwireni, kayang'aneni powala. Mukaona kachipsera ngakhale kamodzi, katayeni lero lomwe.

Chenjeraninso ndi amisiri olonjeza kuti bolodi liwala tsiku limodzi. Ambiri amakwecha ndi siponji ya melamine yoviika mu sipiriti. Mizere yakuda imachokadi, koma imachoka pamodzi ndi lacquer, penti n'kutsala pamtunda. Ena amathira vanishi wa mipando, amene amasanduka wachikasu ndipo kumuchotsa osawononga zithunzi n'kovuta kwambiri. Enanso amamatula ndi manja pulasitiki wa Mylar amene anamatidwa pa makina ambiri a m'ma 1980, penti n'kunyamuka naye, makamaka pamwamba pa timagalasi ta magetsi. Ngati Mylar sakukakatuka yekha, musiyeni.

Penti akayamba kutukumuka kapena kusupuka, lekani kusewera, musapakenso chilichonse, ndipo makinawo achoke padzuwa ndi pachinyezi. Mmisiri amene mwamupeza ayambe wakuonetsani bolodi lina limene anakonza zaka zingapo zapitazo asanagwire lanu.