Corbel ya konkire ndi shear (mphamvu yometa): malamulo amati chani?

Corbel ndi chani kodi?

Ndi kaphewa kakafupi kotuluka pa pilala, pomwe bimu ya precast (youmbiratu kwina) kapena bimu yonyamula kireni imatsamira. Mukalowa mu fakitale yang'anani m'mwamba mukaona. Kamaoneka kochepa koma katundu yense wa bimu amatsikira pomwepo.

Bwanji osangoiwerengera ngati bimu wamba?

Ndi yaifupi kwambiri, mphamvu yake siyenda ngati mu bimu. Konkire imapanikizika chopendekera kutsikira mu pilala, uku chitsulo chapamwamba chikukokedwa. Eurocode 2 ya 2004, malamulo a ku Ulaya, imawerengera zimenezi mu Annex J ndi njira ya strut-and-tie, strut kukhala konkire yopanikizikayo, tie chitsulo chokokedwacho. ACI 318 ya ku America ili ndi njira yakeyake, koma imagwira pokhapokha mtunda wochoka pomwe katundu watsamira kufika pa pilala usapose d, kuya kwa corbel kuchoka pansi kufika pa chitsulo chapamwambacho. BS 8110 ya ku Britain imene ambiri kuno tinaphunzira imadula malire pomwepo.

Nanga maring'i, tizitsulo tozungulira zitsulo zazikulu, amaikidwa bwanji?

Apa mpamene ndimadandaula kwambiri. Ndinapezapo anyamata pa saiti ina atamanga maring'i choimirira ngati a bimu, waya atamanga bwinobwino, koma mng'alu wa corbel umayambira pamwamba pafupi ndi pilala n'kutsika, ndiye ring'i yoimirira ingoyenda nawo limodzi osaudula, tinamasula onse tisanathire konkire. Amafunika ogona, otseka, ndipo akhale m'magawo awiri mwa atatu a d kuchokera pa chitsulo chapamwamba. Kuchuluka kwake ACI imati asachepere theka la chitsulo chapamwamba, mutachotsako chija chogwira mphamvu yokokera kunja.

Mphamvu yokokera kunja ichokera kuti poti katundu akutsika pansi?

Bimu imafupika konkire ikamauma, imatanukanso ndi kubwerera malinga ndi kutentha, ndiye imakoka corbel. ACI 318 ya 2014 inkati muwerengere osachepera 0.2 ya katundu wotsika. Phi yake, nambala yochepetsera mphamvu ya corbel powerengera, ndi 0.75 ponseponse.

Chitsulo ndaika chokwanira, chingalakwikenso n'chani?

Kumapeto kwake. Chitsulo chapamwamba chigwire kunsonga, muchiwotcherere ku chitsulo chopingasa kapena muchipinde monga mwa drawing, apo ayi chimangosolola. Puleti yomwe bimu ikhalire isapitirire pomwe chitsulo chayambira kupindika, chifukwa kunsongako ndi konkire yokhayokha, imagumuka. Ndipo pothera puletiyo corbel isachepe kuya kuposa theka la d, ngakhale mwini nyumba akufuna kaphewa kowonda kooneka bwino.